Chipewa Chofiira ndi Beseni la Amalume

Chipewacho chidakalipo. Chili m'kabati ya amayi, pansi pa zitenje zimene amasungira maliro ndi maukwati, ndipo ndikachitulutsa chimanunkha mankhwala othamangitsira njenjete. Si chipewa chenicheni ayi. Ndi mkono wa juzi yofiira imene amayi ankavala m'nyengo yozizira popita ku shifiti. Anaudula ndi sizasi n'kusoka kumapeto kwake kuti kupindikire kutsogolo, ndipo ulusi wake ndi wakuda chifukwa wofiira munalibe m'nyumba. Ndikachiika pamutu lero chimangokhala pamwamba pa tsitsi. Koma chilimwe chimenecho chinkandifika m'makutu, chinkandiyabwa pachipumi, ndipo ndikachivala ndinkadziona ngati munthu woopsa kuposa aliyense mu Thamesmead, dera lathu la mu London.

Ndinali m'chaka chachiwiri ku sekondale. M'fulati yathu, pamwamba pa chinyumba cha simenti chimene lifiti yake inkagwira ntchito ikafuna, tinkakhalamo atatu: ine, amayi, ndi amalume, achimwene awo a amayi. Bambo anamwalira ku Malawi ndisanasunge nkhope yawo m'mutu. Amayi atapeza ntchito yaunamwino kuno ananditenga ndili kamwana, ndipo amene anatilandira pabwalo la ndege, atanyamula majekete aakulu kutiposa, anali amalumewo. Iwo anali atakhala kale mu London zaka zambiri. Pachikhalidwe cha kwathu malume ndiye mwini mbumba, ndipo mawu awo pa za ine ankalemera kuposa a amene anandibereka. Lamulo limeneli linakwera nafe ndege, palibe anali kulifunsa pasipoti, n'kudzakhala pampando wa pawindo m'chipinda chathu chochezera.

Mpandowo unali wa amalume okha. Rimoti ya kanema inali yawo. Chingerezi patebulo chinali choletsedwa, ndipo nthawi yofikira panyumba ankadula ndi iwo. Koma lamulo lalikulu linali la madzi. Mpope unali pomwepo m'khitchini, wa madzi otentha ndi ozizira omwe, komabe amalume sankasamba m'manja pampope. Chakudya chikapsa ndinkatenga jagi ya madzi ofunda, beseni lapulasitiki lobiriwira ndi kathaulo paphewa, n'kukagwada pakapeti patsogolo pawo. Ndinkathira pang'onopang'ono, iwo akutikita zala, maso anga ali pansi. Kapetiyo inali yokhakhala, inkasiya timizere m'mawondo. Ine ndikakhala kulibe ankagwada ndi amayi. Amayi omwewo amene kuchipatala ankayang'anira wodi yonse, akayankhula anthu n'kumathamanga, ankafika atakwera mabasi awiri, mapazi atatupa, n'kuvula nsapato, n'kugwada.

Musandimve molakwa, amalume sanali chilombo. Dzanja lawo silinandikhudzepo. Ankagwira ntchito ku Wembley, kubwalo la mpira, kulozera anthu mipando atavala jekete lachikasu, ndipo masiku opanda masewero ankalondera m'sitolo ina. Pobwera ankandigulira chipisi, n'kufika nacho chitazizira chifukwa kuchoka kumeneko kufika kwathu n'kudutsa mzinda wonse. Dzino lawo limodzi lakutsogolo linali losowa, ndipo akamaseka ankaphimba pakamwa. Kungoti chimene anena, anena. Mpaka chilimwe chimenecho sindinkaonapo chachilendo, ndinkayesa kuti nyumba iliyonse ili ndi mpando wotero.

Amene anasokoneza zonse ndi aphunzitsi a mbiri yakale, mayi wamfupi wa imvi amene ankayenda m'kalasi ngati waiwala ndiwo pamoto. Tsiku lina tinapeza madesiki atawakankhira kukhoma. Anatiuza kuti lero tili ku France, zaka zoposa mazana awiri zapitazo. Mnyamata wina wa masaya anamuveka chisoti cha katoni n'kumukhazika pampando wawo. Ameneyo ndiye mfumu, ndipo mawu ake ndi lamulo chifukwa akuti anamuika ndi Mulungu. Ana ochepa anakhala ansembe, ena ochepa anakhala olemekezeka, obadwira m'minda ikuluikulu, ndipo onsewa anapatsidwa mipando. Tonse otsala tinali anthu wamba, alimi, ophika buledi, ochapa zovala za eni, ndipo anatiuza kuti tikhale pansi. Kenako anatigawira mabisiketi n'kulamula kuti tikapereke msonkho, kwa mfumu, kwa ansembe, kwa olemekezeka. Tinatsala ndi nyenyeswa m'manja. A pamipando sankapereka kalikonse, ankangotafuna.

Anzanga ankaseka ndi kuwowoza. Ine itafika nthawi yanga ndinapita kwa mfumu, ndinagwada popanda wondiuza, n'kupereka bisiketi ndi manja awiri, maso ali pansi. Kalasi yonse inafa nacho chiseko poyesa kuti ndikuchita dala. Nditadzutsa mutu ndinaona mphuno za mnyamatayo kuchokera pansi, momwe ndinkaonera za amalume madzulo alionse. Anayamba ndi manyazi kundigwira, pambuyo pake ukali umene sindinkadziwa kuti ndili nawo. Mawondo anga anali atalidziwa phunzirolo kalekale, mutu ndi umene unachedwa.

Milungu yotsatira nkhaniyo ndinkangomeza osatafuna. Mbewu zinakanika, buledi anakwera mtengo, mosungira chuma cha mfumu munauma, koma kunyumba yachifumu ku Versailles nyali zinkayakabe. Mfumu inaitanitsa msonkhano wa magulu onse atatu. Oimira anthu wamba atapeza chitseko chawo chili chotseka, anakasonkhana m'chinyumba chosewereramo tenisi n'kulumbira kuti sabalalika mpaka dziko litakhala ndi malamulo omanga ngakhale mfumu imene. Anthu a mu Paris anathyola ndende ya Bastille, anapezamo akaidi ochepa chabe, koma anaigumula ndithu mpaka pansi. Imene inandilowa m'magazi ndi ya amayi a kumsika, amene anayenda mvula ikuwakuntha kuchoka ku Paris mpaka ku Versailles kukafuna buledi, n'kubwerako atatenga mfumuyo. Patapita nthawi khamu linalowa m'nyumba imene inkakhala n'kuiveka chipewa chofiira, chipewa cha anthu wamba, ndipo inavala, nanga ikanatani. Mapeto ake anaidula mutu ndi chimpeni chachikulu chogwa kuchokera pamwamba. Aphunzitsi ankafotokoza zonsezi modekha, ine magazi akuthamanga.

Chilimwe cha kuno chilibe ulemu, dzuwa limakana kulowa. Ndinkalephera kukhala malo amodzi. Tikaweruka, m'malo mokwera basi ndinkayenda pansi ndi anzanga, kudutsa m'makonde a simenti olumikiza nyumba, kuzungulira dziwe limene linkanunkha ndere, kupyola mahatchi amene eni ake ankawamangirira paudzu m'mbali mwa msewu, mpaka kukhoma la mtsinje. Pamenepo tinkakhala miyendo ili lendelende, tikuona ndege zikutsika kutsidya, ine ndikulalikira za ufulu kwa ana amene ankangofuna ayisikilimu. Ndinayamba kufika mochedwa. Ndinayamba kuyankha m'Chingerezi patebulo, mwadala. Madzi ndinkathirabe chogwada, koma mwaphuma, kuti ena adonthere pathalauza.

Masiku omwewo mnyamata wina wa m'dera lathu anabayidwa pafupi ndi masitolo. Sindinkamudziwa. Malowo anawazunguliza ndi tepi, anthu anaikapo maluwa amene anafota ndi dzuwa. Tsiku limene zinachitika ndinafika mochedwa kuposa masiku onse, n'kupeza amalume ataima pakhonde, atagwira chitsulo ndi manja onse awiri. Sanandikalipire. Titadya anaitana amayi n'kunena kuti nkhani yatha: sukulu ikatsekera mwanayu apita kumudzi, akalowe sukulu yogonera konko ya atsikana ku Dedza, pafupi ndi pamene iwo anaphunzira. Mkulu wina wa mpingo wathu ankapita ku Malawi mu Ogasiti ndi akazi ake, ndipo ndiwo adzanditenge.

Amayi anati, "Ndamva, achimwene."

Mawu awiriwo anandipweteka kuposa chigamulocho. Za ku Malawi ndinkangokumbukira galu wina woyera ndi fungo la palafini. Anzanga, bedi langa, amayi anga, zonse zinali kuno. Koma amalume akayamba kufotokoza za Dedza sankamaliza msanga. Ankanena za nkhungu imene imatsika phiri m'mamawa mpaka osamuona mnzako ali pafupi, za fungo la mitengo ya paini ikanyowa, za belu la kutchalitchi, za mbatata yootcha imene ankagula pamsewu n'kuifumbatira m'thumba kuti itenthetse manja. Ankatsekera ndi mwambi wawo wa masiku onse, wakuti kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Ine pa zonsezo ndinkangomva makoma, kuzizira ndi belu. Bastille yanga ndinali nditaipeza. Sutikesi yatsopano yabuluu inafika n'kukhala pamwamba pa kabati, ndipo amayi anayamba kubwera ndi masokosi, sopo, nsapato zakuda, n'kumaponya m'menemo osandiyang'ana.

Ndinayesa kuthawa kamodzi. Kuthawa ku Thamesmead si ntchito yamasewera, sitima kulibe, basi imabwera itakhuta. Ndinakwera yoyamba imene inafika, ndinakhala pansanjika yake yapamwamba kutsogolo, ndinapita nayo mpaka pamene dalaivala anazimitsa injini n'kunena kuti aliyense atsike. Ndinatsika, ndinayang'ana uku ndi uku, mkodzo unandigwira, n'kuwoloka msewu kukadikira yobwerera. Panyumba palibe anazindikira n'komwe kuti ndinathawa. Tsiku lina aphunzitsi anandiimitsa pakhomo la kalasi n'kufunsa ngati kunyumba kuli bwino, poona kuti ndayamba kuluma anzanga ndi mawu. Nkhani inafika pamlomo penipeni. Koma amayi anali atandiphunzitsa kuyambira ndili wamng'ono kuti za m'nyumba sizikwera basi, ndipo ndinkadziwa kuti kuno mwana akadandaula kusukulu, kumabwera anthu a boma a mafayilo kudzagogoda. Ndinati kuli bwino. Ndinkafuna ufumu ugwe, koma ugwe ndi manja athu.

Aphunzitsiwo anakonza zoti potsekera sukulu tidzachite sewero la nkhani yonseyo pamaso pa makolo, ndipo aliyense wa anthu wamba abwere ndi chipewa chofiira. Ndinawauza amayi mokalipa, ngati mlandu ndi wawo. Tsiku lawo lopuma anatulutsa juzi ija, anaiyang'ana kanthawi, n'kuidula mkono. Anasokera pakhonde, mapazi atawasanjika pandowa. Ine ndinaima pambali n'kumawalalikira za amayi a ku Paris, kuti iwowo sananene kuti ndamva, anadzuka n'kuyenda. Ndinkayankhula m'Chingerezi, iwo n'kumayankha m'Chichewa, monga mwa masiku onse. Anandifunsa, ulusi uli kukamwa, kuti amayiwo popita ulendo wotero ana anasiyira ndani. Sindinadziwe. Anafunsanso ngati buledi anatsika mtengo mfumu itafika m'tauni. Sindinadziwenso, ndipo ndinapsa mtima kuti akufunsa zopanda mutu. Kenako anafunsa dzina la mayi amene anayamba kudzuka. Ndinati mabuku sanalembe. Anangogwedeza mutu, analuma ulusi, n'kundiveka chipewacho, kuchikokera mpaka m'makutu.

Amalume anandipeza nditachivala, ndikuyeserera mawu anga pagalasi. Ndinadikira mkuntho. M'malo mwake anaseka, osaphimba pakamwa, n'kuyamba kundiuza nkhani yonse ya ku France bwino kuposa buku lathu. Anati iwonso anayendapo mumsewu akuimba. Amayi ndi amene anandimalizira pambuyo pake, tikutsuka mbale. Nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu ankasowa chifukwa cha nthabwala, amalume anali m'gulu la ophunzira a ku koleji amene anatuluka kukatsutsa boma. Dzino lija linatsala m'chitokosi. Atatuluka anathawira kunja, akulonjeza kuti adzabwerera ndi digiri. Mukuganiza kuti ndinawamvera chisoni? Ayi ndithu, ukali unachita kuwirikiza. Munthu wosadziwa ungamukhululukire, koma awa ankakudziwa kuwawa kwake, n'kumandigwaditsabe.

Tsiku lomwelo amalume anandipatsa funso loti ndikafunse kusukulu. "Atadula mutu wa mfumu, chimpenicho anakachisunga kuti?"

Ndinakafunsadi. Aphunzitsi ananena kuti sanachisunge. Oukirawo anayamba kudulana okhaokha, ndipo patapita zaka msilikali wina anadziveka yekha chisoti. Gawo limenelo silinandisangalatse, choncho ndinalisiya m'kalasi momwemo.

Lamlungu lomaliza sukulu isanatseke, mkulu wa mpingo uja ndi akazi ake anabwera kudzadya nafe kuti amalize za ulendo. Kunkatentha. Mawindo onse anali otsekula koma kamphepo n'komwe kunalibe, m'nyumba munadzaza fungo la nkhuku yokazinga, la mpunga, ndi la mafuta onunkhira a mayi aja. Ankakambirana za ine ngati za katundu, kuti ndikatsikira kuti, akandilandira ndani, ndikameta tsitsi liti. Amayi anandiitana kuti ndipereke madzi. Ndinayamba ndalowa kuchipinda. Ndinatuluka chipewa chili kumutu, ndinanyamula jagi ndi beseni, ndinalumpha alendo, n'kukafika pampando wa pawindo. Ndinaima njo, beseni lili pachifuwa, ndikuwayang'ana amalume pankhope.

"Gwada," anatero, motsitsa mawu.

Ndinayankha m'Chingerezi ndi mawu a m'sewero lathu, akuti anthu onse amabadwa mfulu ndiponso ofanana. Mawuwo anatuluka opyapyala, osati momwe ankamvekera pagalasi. Madzi ankakhavukira pakapeti. Mayi aja anatsonya. Amalume anatembenukira kwa alendo n'kutambasula manja, kunena kuti mwadzionera nokha, n'chifukwa chake akupita kumudzi.

Amayi anatuluka m'khitchini akupukuta manja pachitenje. Anandilanda jagi ndi beseni, n'kugwada. Anathira madzi kwa mkulu wa mpingo, anasendera chogwada kwa akazi ake, kenako kwa amalume. Anathira mosafulumira, anapereka kathaulo, anadikira kuti apukute chala chilichonse. Atatero anadzuka, mawondo akulira, beseni la madzi akuda lili m'manja, koma sanabwerere kukhitchini. Anaima pomwe ndinaima ine paja. Chibadwire ndinali ndisanawaonepo akuwayang'ana amalume m'maso.

"Achimwene, mwanayu sapita. Bambo ake ndinawasiya m'manda kumudzi. Amayi ndinawasiya akulira pa eyapoti. Uyu yekha sindimusiya. Ngati wasowa mwambo ndimulanga ndekha, konkuno."

"Chemwali, mukuyankhula ndi ine?"

"Ndi inu, achimwene. Mwasamba kale m'manja, idyani."

Palibe amene anakuwa. Buku linandinamiza kuti ufumu umagwa ndi mfuti ndi ng'oma, wathu unagwa mafoloko akugunda mbale. Mkulu wa mpingo anapereka pemphero lalitali losakhudza chilichonse, anadya mothamanga, n'kukumbukira kuti ali ndi wodwala woti akamuone. Amalume anamaliza chakudya chawo chonse. Ine m'khitchini ndinkadikira kuti amayi andikumbatire. Anandigwira khutu pamodzi ndi chipewa chomwe, analipotokola, n'kundiuza kuti ndikadzawachititsanso manyazi pamaso pa alendo ndidzaona chidameta nkhanga mpala.

Mawa lake chakudya chitapsa, amalume anadzuka pampando n'kupita kumpope. Tinamva madzi akugwera m'sinki, ine ndi amayi tili patebulo. Kuyambira pamenepo zinakhala choncho. Anasiya kufunsa kumene ndachokera. Anayamba kudyera kuchipinda kwawo, wailesi ikunong'ona. Mpando wa pawindo unakhala wopanda munthu masiku angapo, kenako ndinakhalapo ine, miyendo m'mwamba, rimoti m'manja. Ndinkayembekezera kumva kukoma, ndipo ndinamvadi, pang'ono. Koma m'nyumba munalowa bata loyabwa, ndinkangosinthasintha matchanelo osaonera kanthu, kudzuka, kupita pakhonde, kubwerera. Amayi anatulutsa masokosi ndi nsapato zakuda zija n'kuziika m'kabati yanga. Sutikesi inatsala pamwamba pomwepo, yopanda kanthu.

Tsiku la sewero amayi anali pa shifiti, choncho sindinayembekezere aliyense. Tili pakati pogumula ndende yathu ya makatoni, ndinaona jekete lachikasu kumbuyo kwenikweni kwa holo, pafupi ndi chitseko. Amalume anali ataimirira, chikwama cha kuntchito chili paphewa. Pa gawo loveka mfumu chipewa aphunzitsi anali atasankha changa, chifukwa ndicho chinali chofiira kuposa zonse. Ndinachivula n'kuchikanikiza pamutu pa mnyamata wa masaya uja, pamwamba pa chisoti chake chimene chinali chitaphwanyika kale. Makolo anaseka ndi kuomba m'manja. Amalumenso anaomba. Pamene tinkawerama kuthokoza anali atapita kale kukakwera basi.

Mu Ogasiti, mwezi umene ndikanakwera ndege, amalume anati apeza chipinda kufupi ndi Wembley, ulendo wa kuntchito wawatopetsa. Amayi sanatsutse. Anatsitsa sutikesi yabuluu ija n'kuwalongedzera malaya. Tsiku lonyamuka anaphika ngati ndi Khirisimasi, ndipo chakudya chitapsa sanandiitane. Anatenga okha jagi, beseni ndi kathaulo, n'kukagwada pakapeti pakati pa zikwama.

"Basi, chemwali. Mpope ulipo."

Amayi sanadzuke. Anakhala chigwadire, jagi ili m'mwamba, mpaka amalume anatambasula manja. Anathira madzi onse mpaka jagi inauma, misozi ikutsikira kuchibwano, amalume akungotembenuza manja amene anali atayera kale. Ine ndinaima pakhomo la khitchini nditapsa mtima. Tinali titapambana. Nanga ankagwadiranji?

Lero ndili ndi mwana wanga wamkazi, ndipo ndikunena mosapita m'mbali kuti amayi anachita bwino. Ndikanapita ndikanasweka, ndipo mwana wangayo sagwadira munthu popereka madzi. Ku Paris ndinafikako pa sitima kukafuna Bastille, n'kupeza bwalo lozungulirapo magalimoto, popanda ndi khoma lomwe. Ku Wembley ndinafikakonso tsiku la mpira, n'kuwaona chapatali amalume, imvi zili mbuu, akulozera njira anyamata oledzera amene ankawaitana ngati mnzawo wa kumowa, ena osawaona n'komwe. Ndi pamene ndinazindikira kuti mu London monse, ndi anthu ake onsewo, panali kapeti imodzi yokha pamene munthu ameneyu anali munthu wamkulu, ndipo amayi ankadziwa zimenezo madzulo alionse akamavula nsapato. Ngakhale ku Dedza ndinapitako, nkhungu ija ndinaiona. Amalume mpaka lero sanapondekonso. Digiri sinatheke, ndipo iwo amati munthu amene anachoka akumuimbira nyimbo sangatsike ndege atavala jekete lachikasu.

Koma tsiku lija zonsezi munalibe m'mutu mwanga. Amayi anandituma kuti ndiwaperekeze kokwerera basi. Matayala a sutikesi ankalira pasimenti, dzuwa likuswa mtengo. Tinaima pokwererapo, ine ndikusuzumira kumsewu kuti basi ifike msanga. Itaonekera pakona amalume anandigwira paphewa. Sanandiyang'ane, maso anali kumwamba kumene ndege ina inkakwera kuchokera kutsidya la mtsinje.

"Ukanangoona m'mawa umodzi wokha," anatero. "Nkhungu ija ikamatsika."

Ndinayesa kuti akundiopsezabe ndi ndende yawo ija, ndipo ndinadabwa kuti munthu wogonja angakhale wouma mutu chonchi. Anakweza sutikesi imene anagulira ine, anakhala pawindo, basi inanyamuka. Ndinathamanga kubwerera kunyumba kuti ndikakhale pampando, osadziwa kuti kumene ankanditumako sikunali kundende. Kunali kwawo, ndipo ankandipatsa ine ulendo umene iwo sakanatha kuyenda.